Kadontho

Mvula ya Julaye ikuwomba mawindo a nyumba yosungira zakale,
mphepo ikukwera kuchokera kudoko la Montevideo
itasenza fungo la dzimbiri.
Onse aweruka. Ndatsala ine Nélida,
chikho cha mate chozizira kale,
ndi mayina zikwi makumi asanu ndi atatu
a anthu amene anatsika sitima pano
mayi anga asanabadwe.

Owalemba pa kompyuta anali ambiri,
aliyense ndi khalidwe lake:
uyu tsiku patsogolo, uyo chaka patsogolo,
wina anaodzera chala chili pa batani.
Bambo Etchegaray akuti pofika Lachisanu zonse zifanane.

Kuwerenga mmodzimmodzi ndingachite imvi.
Ine ndimaumba chikombole:
manambala awiri, kamzere, awiri ena, kamzere, kenaka anayi.
Cholowa m'menemo ndachigwira,
ndachitsekera m'makola atatu,
ndiye ndilamula: wachitatu tsogola, woyamba khala kumbuyo.
Kuphethira kamodzi,
masiku onse afola ngati ana asukulu.

Kanyenyezi ndimakaopa.
N'kadyera. Ukakauza kuti tola chilichonse
kamayambira pa mtengero woyamba
n'kumeza mzere wonse mpaka wotsiriza,
dzina, mudzi, sitima, ndi khanda lobadwira panyanja.
Umakamangirira mfunsiro kumchira
kuti kakhute msanga.
Zimenezo ndinapsa nazo kale.

Chimene ndinaiwala ndi kadontho.

Alembi akale, dzanja likatopa,
ankadula Santa kuti Sta.
Sta. Lucía, Sta. Clara, Sta. Rosa.
Ndinalemba: peza Sta. ika Santa.
Ndinadina ponena kuti sintha zonse.
Kompyuta inayankha mosanyinyirika
kuti yakonza malo zikwi zinayi ndi mazana atatu.
Mazana atatuwo achokera kuti?

M'chinenero ichi kadontho si mpumiro.
Ndi khomo lopanda chitseko,
chilembo chilichonse chimangolowa.
Sta ndi n. Sta ndi v. Sta ndi r.

Ndinatsika nawo mzere.
Santaislaw Wojtas, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wosoka nsapato.
Santaros Mavridis, wophika buledi, ndi mkazi wake.
Stanislaw. Stavros.
Anawoloka nyanja yonse atafumbata dzina,
sutikesi inanyowa, chipewa chinauluka,
dzina linafika louma,
ndiye ine ndalithyola khosi nditakhala pampando.

Bambo a bambo anga anakwera sitima ali Jurgis.
Mlembi wa padoko lomweli, khutu lili kwina,
analemba Jorge,
ndipo pamwala wa manda awo pali Jorge.
Ndakhala ndikumutukwana mlembi ameneyo chikhalire.
Komatu iye anali ndi cholembera chimodzi,
ankalakwira munthu mmodzi pa sitima.
Ine mazana atatu, ndi chala chimodzi,
mate ali kudzanja linalo.

Mwayi wanga ndi woti pano zinthu zimabwezeka.
Ndabweza. Stanislaw wadzuka, Stavros wadzuka.
Ndaika kamzere kopendekera kumbuyo
patsogolo pa kadontho,
kukauza kuti iwe ndiwe kadontho basi,
usadzionenso ngati aliyense.
Ndaikanso malire kumene liwu liyambira.

Koma batani la sintha zonse sindilikhudzanso usiku uno.
Ndikudina peza wotsatira, peza wotsatira,
ndikuyang'ana aliyense kumaso.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
ngakhale Lachisanu lili pakhomo.

Wilmar mlonda wasuzumira ndi tochi yake.
Akuti basi yomaliza yapita,
akuti wamva mawu, ndikuitana yani?
Sindinadziwe kuti ndikuwerenga mokweza.
Ndamuuza akhale pansi, athire madzi otentha m'chikho.
Wakoka mpando, wavula kapusi.
Tili pa mzere wa zikwi makumi atatu ndi chimodzi,
mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, Stase Baltrunaite,
amene anafika yekha.
Wilmar akuti ndibwereze dzinalo, sanalimve bwino.